Miyala ya Alangizi

Njinga yamoto ya ku ofesi itafika ku Henga, ndinaikwera anthu onse akuona, ndipo mapazi anga anangolendewera ngati a mwana wokhala pa benchi ya m'tchalitchi. Ndinatsetserekera kumanzere pang'ono. Chala chachikulu chinanunkhiza fumbi, koma osaliponda.

A Bizwick, mlangizi mnzanga amene njinga yawo inafa chaka chatha ndipo ankayendera yakapalasa, anaima pafupi atapinda manja. Anandifunsa mwaulemu wonse ngati ku koleji kunalibe phunziro la kukula. Kenako anati katundu wa ofesi safuna kumangogwetsedwa, ndipo iwowo, mwa chifundo chawo, akhoza kumandisungira njingayo.

Ndine Yamiko, kwathu ndi ku Ntcheu. Ndili ndi digiri ya zaulimi komanso msinkhu wa mita imodzi ndi theka kuchotsapo zala zitatu. Za digiri anthu amadziwa akafunsa, za msinkhu safunikira kufunsa. Tsiku lolandira digiriyo mkanjo wanga unasesa holo yonse kwaulere. Tsiku loyamba kukaonekera ku kalabu ya alimi, anandiyalira mphasa nandiuza kuti ndidikire pang'ono, alangizi atsopano ali m'njira. Ndinadikiradi mphindi khumi, kufuna kuona ngati afike.

Koma njinga sindikanaitaya. Alimi anga ali m'chigwa monse mpaka kuseri kwa mapiri, ndipo mlangizi wopanda njinga amasanduka mlembi wa minda imene sanaione. Kuyendetsa ndinaphunzira msanga, pakuti njinga ikamathamanga sifunsa msinkhu. Vuto linali kuima. Sabata yoyamba ndinagwa katatu, kawiri pamchenga, kamodzi pamaso pa ng'ombe imene inandiyang'ana ndendende ngati a Bizwick. Ndinayamba kuyenda ndi maso a munthu wofuna nkhuni: chitsa apo, chulu apo. Pamene panalibe chopondapo ndinkangodutsa, dzanja m'mwamba, ndikukuwa malangizo. Alipo alimi amene nkhani ya ntchemberezandonda anaimva theka, theka linalo linapita ndi mphepo.

A Tenesi, mlimi wachitsanzo wa kalabu ya kumtunda, mayi wa mawu ngati wailesi, anandiona tsiku lina ndikuzungulira pabwalo pawo katatu. Ulendo wachinayi ndinagwera m'mbatata zawo. Anandidzutsa, nandisasa fumbi, osaseka n'komwe, zimene zinandiwawa kuposa kusekedwa. Sabata yotsatira ndinapeza mwala wafulati pakhomo pawo, kumanzere kwa njira, utakwiriridwa mbali ina kuti usagwedere.

"Ponyani mwendo apo, alangizi," anatero m'Chichewa chawo chokwera ndi kutsika. "Wafupika kapena watalika?"

Unali utatalika pang'ono. Anatenga khasu nautsitsa, kenako anathyola kamtengo nayeza kuchokera pansi pa jombo yanga kufika padothi. Kamtengoko anakasomeka kudenga la khonde.

Sindinadziwe kuti kamtengoko kali ndi miyendo. Pasanathe mwezi kanali katabwerekedwa m'midzi isanu. Pakhomo ndi pakhomo panamera mwala. Ena anamata njerwa ziwiri ndi simenti. A Manase, mlimi wa soya wa kuseri kwa phiri, anasema chitsa nachisalaza ngati mpando. Posakhalitsa zinasanduka mpikisano. Khomo lopanda mwala linali khomo limene alangizi saimapo, ndipo amayi anayamba kufunsa amuna awo kuti kodi iwo amalima zotani zoti alangizi azingowadutsa. Ine ndinkaima ponseponse, chifukwa chowiringula chinali chitatha.

Pakamwa ndinkathokoza, mumtima ndikuyaka. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuima kumbuyo pojambulitsa kuti anthu aganize kuti ndaima m'dzenje. Tsopano msinkhu wanga unali utalembedwa m'mbali mwa msewu chigwa chonse, woti aliyense wodutsa awerenge.

Ndiye foni inalira. Anali Mayi Ida Chirambo, bwana wathu wa ku boma. Anati zawafika zoti njinga ya ku Henga imakhalitsa chogona kuposa choima, choncho abwera Lachinayi kudzaona okha. Ndikapezeka kuti sindikuitha, aipereka kwa woitha. Pamene ndinkadula foni, a Bizwick anali atayamba kale kupukuta chipewa chawo cha njinga ndi mpango wa m'thumba.

Ndinakonza nzeru ziwiri. Loweruka ndinapita ku Mzuzu n'kukagula pa kaunjika nsapato zokhuthala pansi ngati buledi. Nditazivala, zala zinkafika pansi ndithu, ngakhale kusintha giya kunali ngati kutola singano utavala magolovesi. Lolemba ndinapita kwa a Tenesi n'kuwauza kuti bwana akubwera Lachinayi, miyala ija ikundichititsa manyazi, aizule kapena aifotsere ndi udzu. Anafunsa ngati ndi bwana weniweni, wa galimoto. Ndinavomera.

"Yewo chomene, mwatiuza nthawi ilipo," anatero pothokoza, ndipo ndinabwerera mtima uli m'malo.

Mayi Chirambo anafika Lachinayi m'mawa. Ndi munthu wamtali woti polowa mu ofesi yathu amayamba wawerama. Galimoto anaisiya pansi pa mtengo wa mango, navala chipewa cha a Bizwick chopukutidwa bwino chija, nakhala kumbuyo kwanga.

"Miyendo yanga ikhala pa zopondera, mayi," anatero. "Ndabwera kudzaona yanu."

Titangosiya tala n'kulowa msewu wafumbi, ndinaiona miyala ija. Inali mbee, kuwala padzuwa, umodzi pambuyo pa unzake mpaka kumene maso amalekeza. Ndinali nditaiwala chinthu chimene mwana aliyense wa sukulu amachidziwa: bwana akamabwera, mwala uliwonse wa m'mbali mwa msewu umapakidwa laimu. Wina anali ataikapo chitini cha maluwa. Wina anali atasesa mozungulira n'kulemba mizere ndi tsache. Ndinadutsa woyamba, wachiwiri, wachitatu ngati sindikuidziwa, eni ake ataima pambali atavala za ku tchalitchi, makosi akutembenuka kunditsatira.

Kwa a Tenesi sikukanatheka kudutsa, pakuti kalabu yonse inali itadzaza njira. Ndinaponda buleki, ndipo phazi, mwa chizolowezi chake, linapita pamwala. Koma tsopano pakati pa phazi ndi mwala panali buledi uja. Bondo linakwera kufika pa hendulo, njinga inakankhidwira kumanja, ndipo ndinaona mbatata zija zikubwera kudzandilonjeranso. Mwendo wautali unatuluka kumbuyo kwanga n'kuponda pansi. Tinaima chopendekeka. Injini inazima.

Mayi Chirambo anafunsa modekha kuti miyala imeneyi ndi ya chiyani.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ndi malire a minda, koma a Tenesi anali atatsitsa kale kamtengo kaja kudenga. Anafotokoza zonse, kuyambira pa mbatata, osasiyako kanthu, ngakhale za ng'ombe zimene sindikudziwa anazimva kuti. Anati pempho langa analitengera ku kalabu, ndipo kalabu itakambirana inaona kuti alangizi ali ndi zifukwa zomveka: miyala yakuda, yafumbi, ingachititsedi manyazi pamaso pa mlendo. Ndiye anapeza laimu.

Kenako anayang'ana kumapazi kwanga nthawi yaitali.

"Bwana, njinga sinalakwe apa, mwalanso sunalakwe," anatero. "Ife tinayeza iwowa. Izi sitikuzidziwa."

Anagwada namasula zingwe za nsapato zanga ine ndili panjinga pomwepo, ngati akuchotsa minga kuphazi la mbuzi. Analowa m'nyumba nabwera ndi nsapato zawo zapulasitiki, nafinyira makoko a chimanga kutsogolo kuti zindikwane. Ndinaponya phazi pamwala. Linakhala phee, njinga n'kuwongoka yokha, ndi bwana yemwe kumbuyoko.

Sindikudziwa kuti chinayamba bwanji. Mwina ndi makoko aja amene ankalira ndikasintha giya. Titanyamuka ndinayamba kuseka m'chipewa, kuseka kosaletseka, mapewa akugwedezeka. Choti ndibise chinali chitatha. Pa mwala wotsatira ndinaima, phazi phaa, moni, tione nazale, masamba awa akufuna chakuti, tapita. Wotsatira chimodzimodzi. Pofika wachisanu ndinamva mawu kumbuyo kwanga akuti, "Wina uyo, pansi pa mthethe," ndipo ndinazindikira kuti bwana akuwerenga. Tinabwerera ngakhale kwa atatu aja ndinawadutsa, chifukwa mmodzi anatitsatira pa njinga yakapalasa kudzadandaula kuti laimu wake wapita pachabe.

Pa khomo lina bambo wina analibe mwala, koma anathamanga ndi mtondo wa mkazi wake naugoneka m'mbali mwa njira. Ndinapondapo. Mkaziyo anatuluka ndi musi m'manja, ndipo malangizo a pamenepo ndinawafupikitsa.

Kuseri kwa phiri, chitsa cha a Manase chinali choyera mpaka mizu. Bwana anatsika, nawongola msana, nayang'ana soya, nafunsa kuti alangizi amafika kangati kuno. A Manase anati Lachiwiri lililonse, kupatula limene mtsinje unadzaza, ndipo tsiku limenelo anaima pa mwala wa tsidya lija n'kumakuwa. Bwana analemba kanthu m'kabuku kawo. Nditasuzumira ndinaona nambala yokha: 43.

Tinabwerera dzuwa litapendeka. Pamene denga la ofesi linaonekera, ndinakumbukira kuti m'chigwa chonse cha Henga malo amodzi okha opanda mwala ndi pa ofesi yathu. Masiku onse ndinkazembera kuseri, kumene kuli chulu pafupi ndi chimbudzi, n'kutulukira kumaso ndikukankha njinga ngati ndimafuna kulimbitsa thupi. A Bizwick anali pakhonde, atakonzeka kulandira makiyi.

Kanjira ka kuchulu ndinakaona. Ndinakadutsa, n'kulowa pabwalo penipeni.

"A Bizwick, njerwa ziwiri," ndinatero ndikudutsa pakhonde. "Miyendo sifika."

Mawu amenewo ndinali ndisanawanenepo mokweza chibadwire. Anatuluka mopepuka moti ndinawabwereza ulendo wachiwiri, ndikuzungulira mtengo wa mango, dalaivala wa bwana akufutukira kumbuyo kwa galimoto. A Bizwick anayang'ana bwana kuti awapulumutse.

"Mwamva, bambo," anatero Mayi Chirambo tikudutsa kachitatu. "Fulumirani, ine chizungulire chayamba."

Anapita kuseri nabwera ndi njerwa ziwiri, naziika pansi mwaulemu wa munthu woika nkhata pamanda. Anafunsa ngati aziike chogona kapena choimika. Ndinati chogona, ndipo azisunthire kumanzere pang'ono. Anazisuntha. Ndinaima.

Bwana anatsika, navula chipewa, nachibwezera kwa mwini wake ndi mawu othokoza kuti n'choyera bwino. Anati njinga ikhala kumene ili, ya a Bizwick ayesa kuikumbutsa ku boma, ndipo njerwazo zimatidwe ndi simenti mvula isanayambe. Polowa m'galimoto anagunda mutu pachitseko, nanena chapansipansi kuti iwo palibe amene anawathyolerapo kamtengo.

Lachiwiri lotsatira ndinakabweza nsapato zapulasitiki kwa a Tenesi. Zanga za ku Mzuzu ndinazipeza zili pa ntchito, imodzi ikutchinga chitseko cha khola la nkhuku, inzake itapanikiza pepala la pulasitiki pa chigafa cha fodya. Anandifunsa ngati ndikuzifuna. Ndinati zikhale, koma andibwereke kamtengo kaja, chifukwa a Bizwick akuti pomata njerwa safuna kulakwitsa muyeso.