Siliva wa pamwendo wa a Whiteson

A Whiteson, amene anapuma ntchito ku njanji, ankakhulupirira mankhwala amodzi okha: mafuta a buleki. Chilonda cha pamwendo pawo chinamwa mafutawo mpaka kuyamba kununkha. Kuchipatala anawauza mosapsatira kuti ndi shuga wawoyo, chikapanda kupola mwendo udulidwa. Mkazi wawo, Nora, anagwidwa ndi mantha. Eni mwendo anangoseka.

Namwino anamata pachilondapo kansalu kotuwa. Anati m'kansalumo muli tizidutswa ta siliva tosaoneka ndi maso, topha tizilombo tobweretsa mafinya, ndipo kasachotsedwe mpaka tsiku losintha.

"Vinthu vosaoneka vingapolese chilonda?" anatero a Whiteson atafika kunyumba, chala chikutokosa kale m'mphepete mwa kansaluko. "Nora, leta mafuta yanga."

Nora sanakangane nawo, poti bambowa ukawaletsa chinthu ndiye wawatuma. Anati mafuta atha, kenako anaimbira foni mlongo wake Petson, wogula zitsulo zakutha ku komboni ya Makululu, munthu woti akayang'anitsitsa geti lako mtima sukhalanso m'malo.

Petson anafika ndi sikelo m'manja, nakhala pansi, maso pamwendo.

"Mulamu, namvela muli na siliva. Ngati simuifuna nipaseni. Olo mukagona nizachosa neka, simuzamvela."

"Siliva yanga?" A Whiteson anabweza mwendo msangamsanga. "Iwe unaionapo siliva? Choka apa."

Kuyambira pamenepo kansalu kaja kanasanduka chuma. Anakaveka sokosi pamwamba. Kumowa anasiya kupita, ati anzake a Petson ali paliponse. Ankangokhala pakhonde mwendo uli pampando, ndodo pambali, ndipo tsiku losintha ankakhala oyamba pamzere. Akayamba kutayirira, Petson ankangodutsa pamsewu akugwedeza sikelo.

Tsiku lina namwino anayang'ana pamwendopo nati papola, kansalu sikafunikanso. A Whiteson anabwera kunyumba atakwiya zedi.

"Banimana siliva yanga. Ni Petson uja, wakambana nabo. Niyenda nikamuone manje manje."

Minibasi sanaidikire n'komwe. Nora anaima pageti, akuseka misozi ili m'maso, kuwayang'ana akulowera ku Makululu wapansi, akutukwana, fumbi likubuka kumapazi onse awiri.