Manambala Amene Anatsala M'foni Yakale

"Ingondipatsa chingwecho," anatero Chisamba. "Mphindi makumi awiri, tathana nazo."

Mzime, mlongo wake wamng'ono, sanam'patse. Anachikulunga kudzanja n'kumangoyang'ana patebulo, pamene panali mafoni awiri a bambo awo, amene anali ataikidwa m'manda masiku atatu apitawo. Bambo awowo sankawaitana ndi maina a pa ziphaso. Woyamba kubadwa anali Chisamba, womaliza anali Mzime, ndipo nyumba yonse inazolowera choncho.

Foni yakale inali ya Androidi, galasi lake long'aluka pakona, batire itafufuma moti chotsekera chakumbuyo chinkagwira chifukwa cha kamphira. Wokonza mafoni anali atanena mosabisa kuti siitha sabata. Inayo inali ayifoni yonyezimira, imene Mzime anawagulira miyezi inayi yapitayo.

"Sindikufuna kuiona n'komwe," anatero Mzime. "Sanaigwiritse ntchito, achimwene. Ulendo womaliza ndinawapeza akuimbabe ndi chiphakasa chakalechi. Ndinawauza kuti ngati sakuifuna anene, ndikapatse munthu wodziwa kuthokoza. Mawu anga omaliza kwa iwo ndi amenewo."

"Ndiye iwo anati chiyani?"

"Anangoseka. Akuti, 'Ndili mkati mosamuka, mwanangu.'"

Amayi awo analowa atanyamula makapu a eni ake oti abwezedwe kwa anansi. Anawaika pampando, n'kupukuta manja.

"Tsegula yatsopanoyo uione kaye, kenako uziwaweruza," anatero. "Nambala yotsegulira ndi ya ambulansi yawo ija."

Nambala imeneyo panalibe woiiwala m'nyumbamo. Bambo awo anayendetsa ambulansi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo yomaliza anakhala nayo nthawi yaitali kuposa mipando ya pabalaza. Mzime anaidina, foni n'kutseguka. Munalibe chithunzi ngakhale chimodzi, munalibe nyimbo. Koma atalowa m'manambala anadzidzimuka. Analimo 163.

Anayamba kuwerenga mokweza. "Mayi wa mapasa a pamlatho. Kalipentala wa chala. Mphunzitsi wolumidwa ndi njoka. Mwana womeza batani." Anayang'ana amayi ake. "Awa ndi maina a anthu?"

"Maina enieni ankaiwala, koma mmene anam'nyamulira munthu sankaiwala," anayankha amayi. "Womeza bataniyo pano ndi loya. Anabwera kumaliro, uja wa jekete yotuwa."

Chisamba anaseka mosafuna. Anatenga foni yakale mosamala ngati dzira, n'kuyang'ana. Munali manambala 412.

"Nanga bwanji sananene?" anafunsa Chisamba. "Ndikanawasamutsira onsewa tsiku limodzi."

"Wogulitsa m'sitolo anawauza zomwezo, anakana." Amayi anakhala pansi moyang'anana ndi zenera. "M'mawa uliwonse akamwa tiyi ankakhala pampando uwo, magalasi ali pansonga ya mphuno. Ankaimbira munthu mmodzi kapena awiri pafoni yakaleyi. Akacheza naye, ndiye ankalemba nambala yake m'foni yatsopano, ndi chala chimodzi, lilime lili panja. Ankati sangalowetse munthu m'nyumba yatsopano asanam'patse moni. Akamva kuti munthuyo anamwalira, ankapepesa kaye, kenako n'kulemba nambala ya mwana kapena mkazi amene wayankhayo."

"Ndiye kuti ankaikonda?" anafunsa Mzime chapansipansi.

"Ankakangana nayo tsiku lililonse. Ankafunafuna batani lobwerera m'mbuyo osalipeza, n'kumati wawagulira galimoto yopanda rivesi. Koma fumbi silinkaterapo. Ankaipukuta ndi kansalu ka magalasi, magalasiwo n'kumapukuta ndi malaya."

Mzime anaseka, kusekako n'kusanduka kulira. Anabisa nkhope m'chigongono. Amayi anam'sisita msana.

Chisamba anadikira kuti mlongo wake apume, kenako anabwerera pa mfundo yake. Iye anali munthu wa muofesi, wokonda zinthu zotha.

"Amayi, zonsezo n'zokoma, koma foni iyi ikufa. Ine Lolemba ndikufunika kuntchito. Tisamutse zonse lero, inu muzigwiritsa ntchito yatsopanoyi. Otsalawo tiwatumizire uthenga umodzi wowadziwitsa za maliro."

"Uthenga umodzi kwa anthu mazana awiri ndi theka?"

"Ndi mmene anthu akuchitira masiku ano."

"Bambo ako unawaonapo atagoneka anthu awiri pa machira amodzi?"

Chisamba anaimirira, n'kupita pazenera. Panja anthu awiri ankakweza mipando yapulasitiki pa lole, akuiwerenga mokuwa.

"Anthu amenewa anatidyera bambo athu ali moyo," anatero asakutembenuka. "Tsiku limene ndinalandira digiri, mpando wawo unali wopanda munthu. Pa ukwati wanga anachoka keke isanadulidwe. Nthawi zonse panali wina amene akuvutika kuposa ife. Ndiye lero amwalira, tiyambenso ife kutumikira anthu omwewo?"

Amayi sanakwiye. "Sukunama," anatero. "Inenso ndinadyapo chakudya chozizira zaka zambiri, ndikudikira. Sindikukuuza kuti anali mngelo. Ndikungoti ntchito anaisiya pakati, ndipo pali anthu amene sakudziwa kuti munthu wawo anapita. Ine maso anga sakuona tizilembo timeneti. Mukakana, ndipempha ena."

Mzime anapukuta nkhope. Anayerekeza mafoni awiriwo mpaka anapeza pamene bambo ake analekezera. Wotsatira anali "Mayi wa maluwa, ngozi ya njinga." Anaimba pafoni yakale, n'kukweza mawu kuti onse amve.

"Adalaivala!" anafuula mayi wa mawu amphamvu. "Mwandikumbuka lero? Mwendo uja ukuvina, musadandaule."

"Pepani mayi, ndine mwana wawo," anatero Mzime. "Bambo anatisiya Lachisanu."

Kunamveka phokoso la msika, kenako ngati chinthu chagwa. Mayiyo analira nthawi yaitali ndithu. Atatonthola anafotokoza kuti zaka khumi ndi chimodzi zapitazo galimoto inam'gunda ali panjinga. Adalaivala atam'fikitsa kuchipatala anabwerera pamalo a ngozipo ataweruka, n'kutola maluwa amene sanaphwanyike, kukawaika m'chidebe cha madzi pafupi ndi bedi lake.

"Anandiuza kuti katundu wa munthu sasiyidwa pamsewu. Achibale anga analibe nthawi yobwera, koma iwo anabwera. Kumandako ndikufuna mundisonyeze, mwanangu. Maluwa ndibweretsa ndekha."

Foni itaduka, Mzime analemba nambala ya mayiyo m'foni yatsopano, ndi dzina lomwelo. Pakona pa foni yakale panaoneka chizindikiro chofiira cha batire. Chisamba anachoka pazenera, anamasula chingwe kudzanja la mlongo wake, n'kuchilumikiza ku foni yakale ndi kukhoma. Anakokera mpando pafupi.

Anaimbira anthu asanu ndi anayi m'mawa umenewo, Mzime akulankhula, Chisamba akuwerenga manambala. Awiri sanayankhe. Mmodzi ankaganiza kuti ndi akuba a pafoni ndipo anawatukwana bwinobwino asanamvetse, kenako anapepesa kasanu. Wina anali msilikali wopuma amene anangoti, "Anali kuyendetsa ngati wanyamula madzi m'mbale," n'kudula.

Nthawi itakwana 12 koloko masana, foni yakale inayamba kulira yokha. Inali alamu. Pagalasi long'alukalo panalembedwa kuti: "Imbira mkulu wa shuga. Jakisoni."

"Yakhala ikulira masiku onsewa, ine osadziwa kuti ndiitani," anatero amayi.

Mzime anali atapita kukamwa madzi. Chisamba anayang'ana kukhitchini, anayang'ana amayi ake, kenako anafufuza nambalayo n'kuimba yekha. Inayankhidwa isanalire kawiri.

"Mwandithawa sabata yathunthu, adalaivala," anatero mawu a munthu wokalamba. "Ndimati mwina mwatopa nane."

"Ndine mwana wawo wamkulu, bambo."

"Wa digiri uja? Amakutchulatu kawirikawiri iwe. Akuti tsiku lako lalikulu anali ndi ine m'galimoto, ndili chikomokere. Nkhani imeneyo imawapweteka mpaka lero. Ali kuti?"

Chisamba anawauza kuti bambo ake anamwalira. Mkuluyo sanalire. Ankangopuma mwamphamvu. Kenako ananena kuti amakhala yekha, maso anachita khungu, wotchi saiona, ndipo kwa zaka zisanu ndi chimodzi foni ya adalaivala ndiyo inkamuuza kuti dzuwa lafika pamutu.

"Nanga masiku amenewa mumatani?" anafunsa Chisamba.

"Ndimangoyerekeza. Tsiku lina ndimachedwa, tsiku lina ndimaiwala."

"Lero mwabaya?"

"Ayi."

"Kabayeni. Ndikudikirani pafoni pompano."

Kunamveka mpando ukukhwekhwerezedwa, ndi mapazi oyenda pang'onopang'ono. Mzime anabwerera n'kuima pakhomo, kapu ili m'manja. Chisamba anapanikiza foni ya bambo ake pakati pa khutu ndi phewa, anatulutsa yake m'thumba, n'kutchera alamu ya 12 koloko. Foniyo inam'funsa masiku oti izilira. Anadina Lolemba, Lachiwiri, n'kupitiriza mpaka onse asanu ndi awiri.

"Ndabaya," anatero mkuluyo patapita kanthawi, akupumira m'mwamba.

"Chabwino, bambo," anatero Chisamba. "Tsopano idyani kanthu. Mawa ndiimbanso."