Mazvita Sadutsa Lachisanu

Mu mzere wa nyumba zawo ku Mabvuku, aliyense ankadziwa kuti pa nkhani ya masewero a pa TV, Effie Alufandika sungalimbane naye. Anali mayi wamasiye wogulitsa tomato ndi masamba pa kathebulo ka pageti pake. Makolo ake anachokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, ndipo iye anabadwira ku famu komweko, ku Mvurwi. Chishona ankachilankhula bwinobwino, koma mtima ukatengeka Chichewa chinkangotuluka chokha. Anthu ankamuitana kuti amake Chenai.

Mwana wake wamwamuna, Anderson, amene ankagwira ntchito ku Joni, anamugulira sola ndi batire. Choncho magetsi akazima, monga ankachitira pafupifupi tsiku lililonse, hafu sikisi ikakwana amayi a mu mzerewo ankadzaza pabalaza pake, ena pa sofa, ena pansi. Vuto la Effie linali pakamwa. Munthu wa m'sewero akangoyamba kukhululukira adani ake, kapena kulonjeza mwana kuti chaka chamawa adzamugulira njinga, iye ankapukusa mutu n'kunena kuti ameneyo mukumbireni manda. Anzake ankamukalipira kuti akuwawonongera sewero, koma zinkachitikadi momwemo, ndipo mawa lake ankabweranso.

Sewero limene linagwira anthu mtima chaka chimenecho linali la mtsikana wosauka dzina lake Mazvita, wokwatiwa m'banja lolemera lokanganirana kampani ya malole. Linali litayenda zaka ziwiri, ndipo ankalimaliza Lachisanu la sabata imeneyo.

Lolemba m'mawa Effie anali pa mzere wa madzi ku mjigo, poti mipopi ya ku Mabvuku inauma kalekale. Mnzake Lilly, amenenso makolo ake anali a ku Malawi, anamufunsa kuti zitha bwanji. Effie anatula ndowa pansi.

"Mazvita sadutsa Lachisanu," anatero. "Olo mumupempherere, ameneyo wapita basi. Ine ndaona kale."

Amayi ena anafunsa kuti wati chiyani, ndipo iye anabwereza m'Chishona, mokweza, akuseka. Ena anaseka naye. Koma kumbuyo kwake kunali amake Tafadzwa, oyandikana naye nyumba, mayi wa mpingo wa zovala zoyera amene TV sankaiyang'ana n'komwe. Mayiwo ananyamula zigubu zawo zopanda madzi n'kuchoka osatsanzika. Effie anaona, koma anangoti mwina atopa ndi mzere.

Zinamufikira m'mutu masana akuyala tomato. Mpongozi wa amake Tafadzwa, mtsikana wofatsa amene anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, miyendo yotupa ngati mitondo, dzina lake analinso Mazvita. Mu mzerewo ankangomutchula kuti mkazi wa Tafadzwa, moti dzinalo Effie anali ataliiwala. Anaganiza zopita kukafotokoza, koma anadziuza kuti kupitako n'kukuza nkhani yopanda pake.

Lachitatu m'mawa kuseri kwa mpanda kunamveka kukuwa. Effie anatuluka akumanga chitenje, n'kupeza amuna awiri atanyamula Mazvita kupita naye ku galimoto ya munthu wina. Mtsikanayo anali akuphupha, maso atatembenuka, thovu kukamwa. Effie anathamanga kuti akagwirize mutu, koma amake Tafadzwa anaima kutsogolo kwake.

"Musamukhudze," anatero mayiwo motsitsa mawu. "Mwachita kale zanu."

Galimoto inapita. Anthu amene anasonkhana pamsewu sanabalalike msanga. Ankayang'ana Effie, iye akawayang'ana iwo n'kuyang'ana kumbali.

Tsiku limenelo palibe anaima pa thebulo lake. Amayi amene ankagula kwa iye zaka ndi zaka ankadutsa mbali ina ya msewu kukagula kwa Shamiso pakona. Madzulo magetsi anali atazima monga mwa masiku onse, koma pabalaza pake panabwera Lilly yekha, ndipo ngakhale iyeyo analowera khomo la kumbuyo. Lilly anamuuza zimene zinkanenedwa ku mjigo: kuti anthu a ku Malawi amadziwika kale ndi mankhwala, kuti palibe munthu wamba angamalose imfa chaka ndi chaka osaphonya, kuti mwamuna wa Effie nayenso anafa mosadziwika bwino. Mwamunayo anafa ndi matenda a shuga, mzere wonse unkadziwa, ndipo ena mwa onenawo ndi amene ankamuperekeza kuchipatala.

Lachinayi m'mawa anapeza mchere utawazidwa pageti pake, mzere woyera kuchokera mbali ina mpaka ina. Anayamba kuusesa. Asanamalize, anaona Tafadzwa akubwera. Mnyamatayo anakulira limodzi ndi Anderson, ndipo ali ana ankadyera mbale imodzi m'khitchini mwa Effie. Tsopano anali bambo wamtali wogwira ntchito pa fakitale ina ku Southerton, maso ali psu chifukwa chosagona. Sanalowe. Anaima kunja kwa geti n'kulankhula m'Chichewa chothyokathyoka chimene anaphunzira m'nyumba momwemo.

"Amake Chenai, ine ndakulira m'manja mwanu. Ngati tinakulakwirani, nenani tipepese. Koma chimene mwamanga, masulani."

Effie anafotokoza zonse. Anatchula sewero, malole, apongozi ankhanza a m'seweromo, anati afunse aliyense amene anali pa mjigo. Ankamva yekha kuti akulankhula mothamanga ngati munthu wogwidwa akuba. Tafadzwa anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati madokotala akuti magazi a mkazi wake akuthamanga kwambiri ndipo sakutsika, ndipo mneneri wa kumpingo kwa amayi ake waona mayi wachilendo ataima pakhomo pawo.

"Akafa, sindikudziwa chimene ndingachite," anatero. Sanaopseze, anangonena ngati munthu amene nayenso akuchiopa chinthucho. Kenako anapita kukakwera kombi, minibasi ya kumeneko.

Effie anakhala pa sitepe nthawi yaitali, tsache lili m'manja. Anakumbukira agogo ena a ku famu, a Melina, amene ankakhala okha kumapeto kwa komboni. Mwana wa kapitawo atamwalira mwadzidzidzi, wina anakumbukira kuti agogowo anamukalipirapo mwanayo chifukwa choba mango. Effie anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anaona nkhalambayo akuikoka pa fumbi dzuwa likuswa mtengo, anthu amene dzulo lake ankaipatsa moni akuigenda, ndipo fungo la mabulangete ake akupsa linakhala m'komboni masiku atatu. Palibe amene anamangidwa. A Melina anawatenga achibale, ndipo sanabwererenso.

Chenai, mwana wake wamkazi wokwatiwa ku Mufakose, anaimba foni atamva kwa Lilly. Anamuchonderera kuti atseke nyumba abwere lomwelo. Effie anakana. Anati akathawa ndiye kuti wavomera, ndipo akabwerako apeza mawindo onse atasweka. Koma atadula foni anatenga chitupa chake, mapepala a nyumba ndi chithunzi cha malemu mwamuna wake, n'kuziika m'kachikwama pafupi ndi khomo la kumbuyo.

Madzulo amenewo anaonera yekha, mawu a TV atawatsitsa kwambiri. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake ankafuna kuti akhale wolakwa. Ankafufuza kachizindikiro kalikonse koti Mazvita wa m'sewero apulumuka. M'malo mwake mtsikanayo anavula ndolo za malemu amayi ake n'kupatsa mng'ono wake, akumuuza kuti azisunge bwino. Effie anazimitsa TV. Anayamba kuwerenga m'mutu onse amene anawanenerapo imfa m'masewero a zaka zonsezi, ndipo sanapeze ndi mmodzi yemwe amene anapulumuka. Ankadziwa bwino kuti olemba masewero ali ndi njira zawo zimene iye anangoziphunzira poonera. Komabe anadzipeza atagwira pakamwa pake ndi dzanja.

Lachisanu sanatulutse thebulo. Cha m'ma folo koloko magetsi anayaka, zimene zinali zisanachitike masana kwa milungu ingapo. Ndiye kuti nyumba iliyonse ionera payokha. Effie anatseka makatani, anakhoma zitseko zonse ziwiri, n'kukhala pa sofa moyang'anizana ndi TV yozima. Hafu sikisi itakwana, nyimbo yoyambira seweroli inamveka kuchokera m'nyumba zonse nthawi imodzi, kutsogolo, kumbuyo, ndi kuseri kwa mpanda kumene kunatsala Paida, mlongo wake wa Tafadzwa, ndi anthu a lendi. Mumsewu munalibe ngakhale mwana.

Anayesa kupemphera. Anayamba kupempherera Mazvita wa kuchipatala, koma maganizo ankathawira kwa winayo, ndipo anadzimva akupempha Mulungu kuti asinthe sewero limene linajambulidwa miyezi yapitayo. Anachita manyazi, n'kuyambiranso. Kudzera m'khoma ankamva mawu a anthu okangana koma osamva zimene akunena. Kenako kunakhala zii.

Kulira kunayambira kuseri kwa mpanda. Anali mawu a Paida, akuthwa, otalika, ndipo m'kati mwake munali dzina. "Mazvita! Mazvita kani!" Nyumba ina inalandira, kenako ina kutsidya kwa msewu. Chitseko chinamenyeka. Mapazi anathamanga pa konkire.

Effie anatsetsereka pa sofa n'kukhala pansi, msana utatsamira khoma la kutali ndi windo. Ankadziwa kuti likhoza kukhala sewero. Ankadziwanso kuti foni yochokera kuchipatala imalira nthawi iliyonse, ndipo maliro amayamba ndi kulira kotereku, mkazi mmodzi kenako mzere wonse. Kungodina batani la TV akanadziwa, koma dzanja linakana. Anakwawa mpaka pa kachikwama kaja n'kukakumbatira. Anayamba kuganiza njira: mpanda wa kumbuyo, munda wa chimanga wa pafupi ndi njanji, kenako msewu wa makombi. Koma mpandawo unali wautali, ndipo bondo lake lamanzere silinkapinda bwino. Ankadikira mwala woyamba pa malata.

Kunamveka kugogoda pa khomo la kumbuyo. Sanayankhe. Kunagogodanso.

"Amake Chenai, ndine Lilly. Tsegulani."

Anatsegula pang'ono. Lilly anali ndi misozi m'masaya, ndipo Effie ataiona anagwira chitseko kuti asagwe.

"Uti?" anafunsa Effie.

Lilly anamuyang'ana kaye osamvetsa, kenako anamugwira mapewa. "Wa pa TV. Mlamu wake wamuwombera pageti, mphindi yomaliza yeniyeni. Winayo sitinamve kanthu."

Effie anasanza pakhomo pomwepo. Lilly anamupatsa madzi, anatsuka pansipo, n'kukhala naye mpaka usiku. Sanakambirane za sewerolo.

Uthenga unafika Loweruka m'mawa. Mazvita anamuchita opaleshoni Lachisanu masana, mwana wamwamuna anatuluka wamoyo ngakhale anali wochepa kwambiri, ndipo mayi ake anatsitsimuka m'bandakucha. Effie atamva analowa kuchipinda n'kulira kwa nthawi yaitali. Anaganiza kuti basi zatha, anthu achita manyazi.

Sizinathe choncho. Ku mjigo nkhani inali yoti Tafadzwa anachita bwino kupita kukamuuza maso ndi maso, chifukwa mayiyo anaopa n'kumasula, imfayo n'kuitembenuzira pa wa m'sewero. Ena ankanena moseka, ena ayi. Makasitomala anabwerera pang'onopang'ono, poti tomato wa Effie anali wabwino kuposa wa pakona, koma amake Tafadzwa sanamupatsenso moni. Tafadzwa akakumana naye ankavula chipewa n'kudutsa msanga, maso ali pansi. Tsiku lina mayi wina wa mzere wachitatu anabwera ngati wogula anyezi, n'kunong'oneza kuti amuonereko ngati mwamuna wake amene anapita ku Botswana adzabwerenso. Effie anamuthamangitsa, ndipo atapita anakhala pansi thukuta lili kamukamu, poti anazindikira kuti mbiriyo yafika kutali kuposa mmene ankaganizira.

Mazvita anatuluka m'chipatala patapita milungu itatu, ataonda, akuyenda pang'onopang'ono. M'mawa wina Effie akuyanika zovala, mtsikanayo anafika pa mpanda mwana ali kumsana. Anapereka moni mwaulemu, nafunsa za Anderson ndi za bondo lija. Kenako anayang'ana kumbuyo, kunyumba kwa apongozi ake, n'kunena motsitsa kuti iye sakhulupirira zimene anthu akunena, ndipo anamwino anamuuza kuti matendawo amagwira amayi ambiri oyembekezera.

Effie anathokoza. Anapukuta manja pa chitenje n'kusendera pafupi, akumwetulira, kuti aone khandalo. Mazvita sanabwerere m'mbuyo, koma dzanja lake linapita lokha kumsana n'kukokera thawulo pamutu pa mwanayo. Onse awiri anaona zimene dzanjalo linachita. Anakambirana pang'ono za mtengo wa makala, kenako Mazvita anati madzi akuwira pamoto, n'kupita.

Nkhope ya mwanayo Effie anadzaiona patapita chaka ndi miyezi iwiri, tsiku limene anatulukira yekha pageti akuphunzira kuyenda, agogo ake akumuthamangira kumbuyo.