Diso la Hellen

Amene anaboola chiphuphucho ndi Eneless, ndipo sanakanepo.

Linali Lachitatu masana. Ankamuluka tsitsi mlamu wake Hellen pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa nyumba ya apongozi ake ku Luembe. Hellen, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, anali woti akatsogolere kwaya Lamlungu, koma pambali pa mphuno yake panali patamera chiphuphu chofiira, cholimba ngati njere ya chimanga.

"Alamu, chichotseni ichi," anatero Hellen. "Ndikaime kutsogolo kwa mpingo ndi mphuno ziwili?"

"Sichinapse."

"Chidzapsa pa Khilisimasi. Singano muli nayo m'manjamo, mukuopa chiyani?"

Eneless anapukuta pachitenje singano yosokera tsitsi ija, nabaya. Anafinya ndi zikhadabo mpaka Hellen anagwetsa misozi uku akuseka. Munatuluka timagazi tokha. Sanaganizeponso za izo, pakuti kwawo ku Katete anakula akufinyana chomwecho ndi ang'ono ake.

Lachisanu m'mawa Hellen sanadzuke. Tsaya lamanzere linali litafufuma, khungu likuwala, diso litatsekeka ngati lalumidwa ndi mavu. Thupi linkatentha koma iye ankapempha bulangete lachiwiri. Mutu, ankati, ukuwaza nkhuni.

Mwamuna wa Eneless, Ivan, anali ku Petauke kuntchito yomanga. Pakhomo panali akazi atatu okha: wodwalayo, Eneless, ndi apongozi ake, amake Ivan. Mayiwo anayang'ana nkhope ya mwana wawo, kenako anayang'ana mpongozi wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Unasiya mutu mkati," anatero. "Chithupsa ukachiyamba umachimaliza. Mutu wake ukatsala, umakwiya. Kwanu sanakuphunzitse?"

Anatereka madzi, nathiramo mchere, natuma munthu kukagula lezala yatsopano kukantini.

Eneless anatenga foni yake. Anajambula nkhope ya Hellen pafoni, nathamangira pachulu cha kumunda, pamalo pokhapo pomwe foni imagwira. Anatumiza chithunzicho kwa Christabel, mnzake wa kusukulu amene tsopano anali namwino ku Nyimba. Asanatsike n'komwe, foni inalira.

"Iwe, wamuchita chiyani mwanayu?" anafunsa Christabel.

"Ndinamufinya chiphuphu. Amai akuti acheke atulutse mutu."

"Asayelekeze. Mvetsela bwino. Misempha ya pamphuno ndi pamlomo wam'mwamba imalowa kuseli kwa diso, kufupi ndi ubongo. Ukafinya pamenepo umakankhila tizilombo mkati. Akacheka awonjezela. Pita naye kukiliniki lelo, osati mailo. Diso lingathe kufa, mwinanso mwini wake."

Eneless anatsika chulu. Pofika anapeza apongozi atakhala pamphasa, mutu wa Hellen uli pamiyendo pawo, lezala itatuluka kale m'pepala lake.

"Bwela umugwile manja," anatero amake Ivan.

Chikwatiwire, chaka ndi miyezi inayi, Eneless anali asanawayankhepo mayiwo mawu okweza. Anali ndi mtima wapachala, aliyense ku Katete ankadziwa, koma pakhomo pano ankaumeza tsiku ndi tsiku monga anamulangizira. Anagwada pakhomo monga mwa ulemu wake.

"Amai, musacheke. A nasi akuti tipite naye kukiliniki."

"A nasi ali kuno? Ivan ndinamucheka chithupsa cha m'khwapa ali ndi zaka zisanu. Anafa? Si amene ukudya ndalama zakeyu?"

"M'khwapa si pamphuno, amai."

"Taonani. Wabwela dzulo, lelo akundiphunzitsa thupi la mwana amene ndinabala ndekha."

Anatsitsa dzanja kulunjika patsayapo. Eneless anakwawa ndi mawondo, nagwira mkono wa apongozi ake. Anali asanawakhudzepo chiyambire. Onse awiri anayang'ana dzanja lakelo ngati la munthu wina. Anasolola lezala pakati pa zala zawo, naikulunga kumphepete kwa chitenje, namanga mfundo.

"Mundikhululukile," anatero. "Mudzandiweluza Ivan akabwela. Lelo mwanayu sachekedwa."

Amake Ivan analankhula motsitsa, ndipo mawu otsitsawo ndiwo anali owopsa. "Unamubaya ndiwe. Tsopano ukufuna kumuchotsa m'manja mwanga. Ukatuluka naye pano, chilichonse chimene chichitike panjila, mlandu ndi wako. Mudzi wonse udziwa."

"Mlandu ndi wanga kale, amai. Ndikufuna ukhale mlandu wa munthu wamoyo."

Anatulutsa njinga ya Ivan, napopa tayala lakumbuyo, nayala thaulo pakaliyala. Hellen sankatha kukhala yekha, choncho Eneless anamukhazika, nakwera, nakulunga chitenje chimodzi kuzungulira onse awiri ngati akubereka khanda. Apongozi anaima pakhomo, manja kumbuyo. Sanathandize, komanso sanatsekereze.

Dzuwa la Okutobala linali litakwera kale. Msewu wa kukiliniki unali wa miyala ndi mchenga, ndipo mutu wa Hellen unkagunda pamsana pa Eneless, wotentha ngati mbale yochokera pamoto. Pamtsinje wouma matayala anatitimira. Eneless anamasula chitenje, namutsamiritsa mlamu wake pachishalo, nakankha. Hellen anasanza kawiri.

"Alamu, tipumeko," anadandaula.

"Ukapumila kukiliniki."

"Ndikufuna kugona pang'ono chabe."

"Sugona. Yamba nyimbo ya Lamlungu ija. Unandivutitsa nayo sabata yonse, lelo ndiye wayiwala?"

Hellen anayamba ndi mawu osweka, naleka, Eneless namuyambitsanso. Amuna awiri otentha makala anaima m'mbali mwa njira kuwayang'ana. Wina anafunsa ngati mtsikanayo wamenyedwa ndi mwamuna. Eneless anawadutsa osatembenuka. Akanaima kuti ayankhe, akanatukwana, ndipo mpweya wotukwanira analibe.

Anafika dzuwa lili pamutu. Pakhonde panali mzere wa amayi a sikelo, koma ataona nkhopeyo anapatuka okha. A Daka, dokotala wa pakilinikipo, anatsegula chikope cha Hellen ndi chala, naunika ndi tochi, namuuza kuti atsatire kuwalako.

"Anafinya ndani?" anafunsa.

Hellen anayamba kunena kuti anadzifinya yekha.

"Ndine," anatero Eneless. "Ndi singano ya tsitsi. Ndinaipukuta pachitenje."

A Daka anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ambili amandiuza kuti ndi kangaude. Mwandipulumutsila nthawi, amai. Palibe amene wachekapo?"

"Palibe."

"Zikhale choncho. Diso likuyendabe, ndiye mwayi wathu. Koma izi zandipitilila."

Anamubaya jakisoni, namuika dilipi, naimba foni kuitanitsa ambulansi yopita ku Nyimba. Eneless anasiya njinga kwa mlonda. Atakhala pabenchi m'pamene anaona kuti patapata wake mmodzi waduka, ndipo sankadziwa kuti wadukira pati.

Kuchipatala cha ku Nyimba anakhala masiku asanu. Eneless ankagona pansi pambali pa bedi, akuwerenga madontho a dilipi. Kwaya inaimba Lamlungu popanda Hellen. Lolemba kutupa kunayamba kuphwa. Lachiwiri m'mawa chikope chinatseguka pang'ono ngati chitseko cha nyumba ya eni, ndipo Christabel anatseka diso labwinolo ndi chikhatho, naimika zala.

"Zingati?"

"Zitatu," anatero Hellen. "Ndipo zikhadabo zanu n'zazitali, a nasi."

Masana omwewo amake Ivan anatulukira m'wodi ndi Ivan, atanyamula nthochi ndi botolo la munkoyo. Anaona diso la mwana wawo likuwayang'ana, nakhala pansi. Mayi wina wodikirira wodwala pabedi loyandikana anawauza kuti anachita bwino kufulumira naye.

"Ee," anatero amake Ivan, akusenda nthochi. "Zinthu izi sizifuna kuchedwa. Tinaona kuti apa m'pofunika chipatala."

Eneless anatsegula pakamwa, koma Hellen anamutsogolera.

"Amai, anandinyamula ndi alamu. Panjinga. Inu munagula lezala."

Ivan anayang'ana mayi ake, kenako mkazi wake. Amake Ivan anamaliza kusenda nthochi ija pang'onopang'ono, naipereka kwa Eneless ndi manja awiri, maso ali kumbali.

Eneless anailandira atagwada.

"Wobaya ndinenso," anauza mayi wa pabedi loyandikana uja. "Mukamakafotokoza kwanu, mukanene zonse ziwili."