Difu Inakwera Sitima

A Mclean a ku Khuyu, pachilumba paja pofika sitima yokha, analonjeza, ndipo analonjezera pagulu: mwana wawo Zodwa adzapita ku tchalitchi ku Chipyela pa galimoto tsiku la ukwati wake, osati wapansi. Veni inalipo, yakalekale, yoyera mbali imodzi yokha. Koma ukwati utayandikira, inayamba kulira kumbuyo, huuu, ngati mwera.

Anaimbira Davis, makaniko wa kumtunda ku Nkhata Bay, poganiza kuti cholira ndi difu, bokosi la magiya logawira mphamvu matayala akumbuyo.

"Difu yanu ndi yamtundu wanji, bambo?" anafunsa Davis. "Pachivundikiro chake pali kachitsulo ka manambala. Tawerengani."

A Mclean anakwawira kunsi. Kachitsuloko kanalipodi, koma chaka chatha iwo omwewo anapala ekiselo yonse, chitsulo cholumikiza matayala akumbuyo, n'kuipaka penti wa boti poopa dzimbiri. Manambala anapitira limodzi ndi dzimbirilo. Ukhondo wanjinso umenewu, Mclean iwe!

"Palibe kanthu," anatero Davis. "Ikwezeni ndi jeke, muzungulitse tayala limodzi, mundiuze linzakelo likutani."

Anaikweza. Atazungulitsa lakumanja kupita kutsogolo, lakumanzere linayamba kubwerera m'mbuyo.

Ogo! Apa panalinso chofunsa? Difu yawonongeka basi. Munthu wokulira m'bwato amadziwa kuti wina akamapalasira kutsogolo, mnzake kumbuyo, bwato limangozungulira pamodzimodzi. Zaka zonsezi akukonza injini za maboti, akapemphenso nzeru kwa mwana wadzana? Sanaimbenso foni. Anamasula mabauti, natulutsa difu, naikulunga m'thumba la usipa. Tsiku lomwelo anaikweza sitima kuti Davis akaikonze, ndipo anabwerera kunyumba akuimba mluzu.

M'mawa mwake foni inalira.

"Bambo, difu iyi ilibe vuto lililonse," anatero Davis, akumveka kuti akumeza phwete. "Ndi ya wamba. Matayala ake amayenera kutsutsana choncho, n'chifukwa chake galimoto imakhota bwino. Ikanakhala ya mtundu wina, womanga matayala pamodzi, onse akanalowera kumodzi. Ine ndimangofuna kudziwa mtundu wake. Cholira chiyenera kukhala belingi ya tayala, ndipo mwatsala nayo komweko."

"Ndiye ibwezeni msanga!"

"Pa chiyani, bambo? Sitima ibwera kumeneko ukwati utatha."

A Mclean anakhala pamwala, manyazi atawagwira mpaka m'mafupa. Galimoto yomwe inkangolira, iwo anaichotsa mtima. Wodwala anatsala pakhomo, wabwinobwino n'kupita kuchipatala!

Anamuuza Zodwa iwo eni, maso ali pansi. Mwanayo sanakalipe, ndipo zimenezo n'zomwe zinawapweteka kwambiri. Anangofunsa ngati veniyo ingagwe munthu atakhalamo. Iwo anati ayi, aikhazika bwino pamiyala.

Loweruka azakhali anaikongoletsabe ndi maluwa ndi maliboni, ili chikhalire pamiyala. Zodwa analowa ndi velo yake, nakhala kutsogolo, wojambula n'kutola chithunzi mosamala kuti kunsi kusaoneke. Amayi analuluta ngati galimoto yanyamuka. Kenako mkwatibwi anatsika, navula nsapato zake zazitali chifukwa cha miyala ya m'njira.

"Atate, tandinyamulirani izi."

A Mclean anazilandira ndi manja awiri. Anayenda pambuyo pa mwana wawo njira yonse ya ku Chipyela, thukuta lili kamukamu m'jekete, ndipo aliyense wofunsa za galimoto ankamuyankha okha asanamalize.

"Difu ili bwino, achimwene. Wowonongeka ndine."