Sutukesi ya Jailos

Basi inamutsitsa Robson pa Nkando kutada kale. Ayufi anaunika khadi lake la chipani ndi tochi, n'kumulozera kwa mayi Alefa, mayi ake a Jailos. Robson anali mwana wa ku Ndirande, Mulanje ankangoimva. M'manja anali ndi sutukesi ya Jailos, mnzake wa ku migodi ya ku Joni, amene thanthwe linamuphwanya mwezi wathawo.

Anamulandira ndi Estele, mlongo wake wa Jailos. Anayang'ana sutukesi. Anayang'ana mlendo.

"Ndabwera kudzawauza mayi kuti..."

"Taimani, achimwene," ananong'ona Estele. "Kwanu m'tauni mumangolavula? Uthenga wolemera suyambira kwa mayi. Umayamba kwa atsibweni, ku Limbuli. Mawa."

"Nanga lero ndinene chiyani?"

"Si munayenda inu? Nenani zomwe munaona."

Mayi Alefa anatuluka ndi koloboyi, nakhala pamphasa. "N'kotani komwe amakhala mwana wangako?"

Robson anayamba. Anasimba za nyumba zosanjikizana makumi atatu. Za chikepe, kabokosi kokweza anthu mpaka m'mimba kuzizira. Za nsanja ya telefoni, yoima ngati munsi pakati pa mzinda. Za mapiri achikasu a mchenga wa mumgodi, opanda n'kamtengo komwe.

"Phiri lounjika anthu?" anafunsa mayiwo. "Limatulutsa madzi?"

"Fumbi basi, mayi."

"Ndiye n'chulu chimenecho, bambo."

Onse anaseka, Estele akubisa nkhope m'chitenje. Robson anapitiriza. Anawatengera ku Beira, komwe sitima inamusiya. Doko, zombo zokula ngati tchalitchi, misewu yonunkha mchere. Nkhani zitatha, anabwereza za chikepe zija.

M'mawa anatuluka panja n'kuima chilili. Phiri la Mulanje linali pomwepo, litatseka theka la thambo, mathanthwe akunyezimira madzi. Dzulo mumdima sanalione n'komwe.

Mayi Alefa anamupatsa chinangwa chootcha, chokulunga m'tsamba la nthochi.

"Mwanditchulira nyumba zonse za ku Joni," anatero motsitsa mawu. "Dzina la mwana wanga lokha simunalitchule."

Robson anazyolika.

"Ku Limbuli mukafunse a Chester, alongo anga, pafupi ndi chigayo. Sutukesiyo nyamulani. Ibwere ndi iwo."

Anainyamula paphewa. Estele anamuperekeza mpaka pamsewu, ndipo lole ya ku esiteti ya tiyi inamuimira.