Nshawa Zomaliza za Consolata

Nshawa zinali zitayamba kuthetheka m'chiwaya, ndipo a Whiteson Daka ankazitembenuza ndi kamtengo, maso ali m'masamba a mango. Thupi lokha ndilo linali pamudzi pawo pa Ndake. Fungo lija likangowalowa m'mphuno, ankamuona Consolata, malemu mkazi wawo, atakhala pamphasa, lichero pamiyendo, akusenda nshawa uku akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi imene sankaimaliza.

Consolata anamwalira m'nyengo yozizira chaka chatha, atangomaliza kusenda thumba limodzi. Thumbalo a Daka analiimika kumutu kwa bedi, ndipo linakhala pomwepo dzinja lonse, khoma likuchita chinyontho. Ogula anabwera, iwo anakana. Nthawi yobzala inafika, anakapempha mbewu kwina. Anzawo a pabawo ankawaseka kuti mkuluyu wakwatira thumba, ndipo kunena zoona sankanama kwenikweni, pakuti nthawi zina ankalankhula nalo. Akamusowa kwambiri mkazi wawo ankatapamo pang'ono, n'kutafuna pang'onopang'ono.

Koma lero kunali alendo. Mwana wawo Jennipher anali atabwera kuchokera ku Petauke ndi kamwana kake, Abby, kamene kanatengera agogo ake aakazi mphumi ndi kayendedwe komwe. A Daka anaona kuti mwanayo ayenera kulawa za m'manja mwa agogo ake aakaziwo. Anatulutsa thumba lonse panja, ndipo Abby ananjuta pafupi ndi moto, malovu ali m'kamwa.

Jennipher anafika kuchokera kuchitsime, natula ndowa. Ku Petauke ntchito yake inali yosankha nshawa pamalo pamene amapera chiponde, choncho maso ake anali atazolowera kukayikira. Anapisa dzanja m'thumba mpaka m'chigongono, nanunkhiza zimene anatapa. Anaswa imodzi. M'kati munali kaufa kobiriwira.

"Atate, Abby wadyako izi?"

"Akalibe. Zikali pamoto."

Jennipher anakhala pansi pafupi nawo, nawauza mofatsa kuti nshawazo zachita chuku, ndipo chuku chotere chimasiya poizoni amene amadya chiwindi mwakachetechete, mwana n'kumapinimbira osadziwika chomudwalitsa. A Daka anaseka. Anati iwo akula ndi nshawa, ndipo palibe chimene moto sungaphe. Jennipher anati poizoniyu saopa moto. Iwo anati ndiye asankhe zoipazo, zabwino zitsale. Iye anati thumba likafika potere, ngakhale zooneka bwino sungazikhulupirire, tsoka silinunkha. Iwo atatchula zopatsa nkhuku, iye anakananso, poti mazira ake adzadya ndi anthu omwewo.

Apa a Daka kuseka kunawathera.

"Ndiye ukuti amako anatisiyila poizoni? Mako ndi mako, iwe, usamuone kuchepa mwendo."

"Amai sanadziwe, atate. Zala zinali kuwawawa, ndiye anali kuwaza madzi kuti makoko afewe. Azimai ambili amachita choncho. Koma nshawa zikalowa m'thumba zikalibe kuuma, ndiye izi."

Madzi aja a Daka ankawakumbukira bwino. Pa zonse zimene ankalota masana, chithunzi chimenecho ndicho ankachikonda kwambiri: Consolata, wowonda kale ndi matenda, akuviika zala zotupa m'kambale n'kuwaza pamulu, madontho akung'anima padzuwa ngati mikanda, ena n'kuwawaza iwo kumaso powaseka kuti mwamuna wamtundu wanji wongoonerera. Sanaganizepo kuti m'chinthu chokoma chotero mungabisale choipa. Mtima unawapweteka, ndipo anakwiyira mwana wawo, anakwiyira Petauke yense ndi nzeru zake.

Jennipher sanawalande thumbalo. Anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, nanyamula ndowa yake.

"Thumba ni lanu, atate. Ine siningakutayileni za amai."

Analowa m'khitchini, nawasiya awiriwiri ndi mwana.

Nshawa zinali zitapsa. Manja a a Daka anachita okha zimene anazolowera: anatapa pang'ono, anafikisa, nauzira timakoko tofiira, timene tinauluka n'kukatera patsitsi la Abby. Zinatsala m'manja zoyera, zotentha, zopanda banga lililonse. Ndani akanati zili ndi mlandu? Dzuwa linali litapendeka, njiwa zikulira kumunda, ndipo pamphasa paja Consolata anakhalanso, lichero pamiyendo. Ulendo uno sankaimba. Ankangoyang'ana mwanayo, monga ankayang'anira ana ake omwe akamadya nsomba, iye atayamba wachotsa kamunga kalikonse.

"Ambuya, nipatseni," anatero Abby, atatambasula timanja tonse tiwiri.

A Daka anayang'ana timanjato nthawi yaitali. Kenako anafumbata dzanja lawo.

Abby anayesa kuwatambasula zala, chimodzichimodzi, akuganiza kuti ndi masewera. Ataona kuti si masewera anagwetsa mlomo, nalira kulira kwa munthu wolakwiridwa, n'kuthamangira kwa amake kukanena kuti ambuya ndi oumira. Mawu amenewo anawalasa, pakuti chibadwire anali asanamanepo mwana chakudya.

Anakhuthulira za m'manja ndi za m'chiwaya m'thumba muja, namanga kukamwa. Jennipher anatulukira pakhomo kuti awathandize, koma iwo anapukusa mutu. Anasenza thumbalo paphewa, khasu kudzanja, nalowera kumapeto kwa munda, kumene mapesi a chimanga anali atayamba kuuma. Linali lopepuka kuposa mmene ankaganizira.

Anakumba dzenje lakuya ndithu kuti nkhumba za m'mudzi zisafukule. Atamasula thumba anaima kaye, akudikira ngati pali wina woti ayambitse nyimbo, koma kunali mphepo yokha m'mapesi. Anatsanulira nshawazo pang'onopang'ono mpaka yomaliza, nagwira khasu. Chisoni chimene anamva chinaposa cha tsiku la maliro, pakuti tsiku limenelo dothi anakwirira ndi anthu ena.